Ndikufuna kupita ndi amayi ku chilumba cha Thumbi pa boti la injini, ndikonzekere zotani?

NaPhiri_Mpondasi

Moni abale ndi alongo. Ndine mphunzitsi kuno ku Mangochi, ndimakhala cha ku Mpondasi. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ndikufuna ndiwachitire amayi anga chinthu china, osati chitenje ndi shuga za chaka ndi chaka. Iwo amakhala kumudzi ku Ntcheu ndipo zaka zawo zapitirira 60. Madzi aakulu omwe amawadziwa ndi a Malombe, owaonera pawindo la minibasi akamabwera kwathu, ndi Shire wa pa mlatho wa Bakili Muluzi. Boti sanakwerepo chibadwire. Tsiku lina mwana wanga wamkulu anawaonetsa pafoni kanema wa tinsomba tabuluu ndi tachikasu ta ku Cape Maclear, iwo n'kukanitsitsa kuti zimenezo si za ku Malawi kuno. Ndiye ndikufuna akadzionere okha.

Ganizo langa ndi lakuti tinyamuke m'mawa pa galimoto ya alamu anga, tikafike ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, tikachite hayala boti la injini lothamanga lija mpaka ku chilumba cha Thumbi, ana akaone nsomba ndi magalasi a m'madzi aja, tikadye, madzulo tibwerere. Tilipo anthu 7: ine, bambo a kunyumba, amayi, alamu anga, ndi ana atatu a zaka 14, 10 ndi 6. Odziwa kusambira ndi bambo okha. Wamkuluyo amangoyeserera pamadzi ofika m'chiuno.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi chitetezo, poti ndanyamula kholo ndi ana nthawi imodzi. Boti labwino ndikalidziwa bwanji ine wosadziwa za panyanja? Munthu wosatha kusambira angavale magalasi aja n'kuona nsomba, kapena ndi za akatswiri okhaokha? Nanga ng'ona ndi mvuu? Bambo a kunyumba akundiopsezanso za likodzo. Ndipo tinyamule chiyani, ndalama tikonze za chiyani ndi chiyani? Amene mumakudziwa kumeneko ndithandizeni, sindikufuna kukaphunzirira pamadzi.

WaBoti_Chembe

Madamu, mwaganiza bwino kwambiri. Ine ndinabadwira ku Chembe konkuno, ndinakulira pa bwato la amalume, ndipo pano ndimayendetsa boti lonyamula alendo. Zimandiwawa kuti anthu amachoka ku Germany ndi ku Japan kudzaona mbuna, tinsomba ta m'miyala tabuluu ndi tachikasu tija mwatchula, pamene munthu wa pa boma pomwepa amakalamba asanazione. Bwerani nawo agogowo.

Mwezi mwasankha wabwino. Mu Okutobala madzi amakhala oyera ndiponso ofunda, mvula isanadetse nyanja ndi matope a m'mitsinje, ndipo mwera umakhala utatopa. Mwera ndi wa nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, zaka zina kulowa Seputembala. Gombe lathu linabisala kuseri kwa mapiri a Nankumba, choncho mwera sutipeza kwenikweni, koma mukangotulukira pa Ilala Gap, kampata ka pakati pa chilumba cha Domwe ndi mtunda, mumauona ukali wake. Yomwe imatimenya mwachindunji ife ndi mphepo ya mpoto, ndipo imeneyo ndi ya nyengo yotentha ino kulowa m'dzinja. Imatha kudzuka masana nyanja itagona m'mawa wonse. N'chifukwa chake ndikuti pofika 8 koloko mukhale muli pagombe, 9 koloko muli pamadzi, ikamati 2 koloko muli pobwerera. Kuchoka pa boma muwerengere maola awiri osathamanga. Mutenga msewu wa ku Monkey Bay, mukhota kumanzere musanalowe m'tauni, kenako pali makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri, anyani ali mumsewu momwemo. Usiku woti mawa ulendo mumvere zanyengo pawailesi, a nthambi ya zanyengo amachenjeza kukakhala mphepo yamphamvu panyanja. Ndipo woyendetsa boti akayang'ana kumpoto n'kunena kuti lero ayi, musamukakamize ngakhale mafuta a galimoto atapita kale.

Tsopano za boti, apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukangotsika galimoto anyamata adzakuzungulirani, aliyense ndi mtengo wake. Musamvane ndi munthu pamsewu. Funsani pa loji yodziwika kapena ku ofesi ya paki ya Lake Malawi National Park akulozereni woyendetsa amene iwo amamudziwa, kenako mupite nokha pamchenga mukalione botilo musanapereke kalikonse. Choyamba muwerenge majekete oyandamitsa ndi manja anu. Mulipo 7, majekete akhale 7, osawerengera athu oyendetsa. Mutsegule ndi kutseka zomangira zake, chifukwa jekete lopanda chomangira ndi chinsanza chabe. Wa zaka 6 uja afunika jekete la msinkhu wake. Mumuveke, mumange, kenako mumukweze pogwira jekete pamapewa. Likakwera kufika m'makutu ndiye kuti m'madzi mwanayo adzasolokamo, limenelo likaneni. Majekete a ana ndi osowa kuno, choncho imbani foni kusanafike tsikulo kuti woyendetsa alifunefune. Onse avale muli pamchenga, asanaponde m'boti. Ambiri amalikhalira ngati khushoni, koma boti likatembenuka palibe amene amapeza mpata wovala.

Muyang'anenso m'botimo ngati muli nkhafi, chingwe ndi nangula, ndi chigubu chodula chopungulira madzi. Mufunse ngati mafuta ali okwanira kupita, kubwerera ndi otsala. Oyendetsa akhale awiri, wina wotsala ndi injini, wina wolowa m'madzi ndi ana. Polankhula naye munthuyo muyandikire, mukamva fungo la mowa tembenukani. Ndipo mumvane momveka kuti botilo ndi la banja lanu lokha. Pa Tsiku la Anakubala gombe limadzaza, mabasi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo alipo anzathu ena amene amaika anthu mopyola muyeso kuti apeze ya tsikulo. Wina akati tingoonjezerapo awiri awa, tsikani.

Liwiro musalifune. Thumbi ali pamaso pomwepa, mumamuona muli pagombe, ndi ulendo wa mphindi zochepa. Boti likamathamanga, kutsogolo ndi komwe kumadumpha n'kumenya madzi, ndipo msana wa munthu wamkulu sugwirizana nazo. Agogo akhale chapakati cha kumbuyo, pakati pa inu ndi alamu anu. Ana asakhale pamphuno pa boti miyendo ili panja. Pokwera ndi potsika, ngakhale polowa m'madzi, injini ikhale yozimitsidwa, osati yongolira pang'onopang'ono. Chopalasira cha injini chimadula mwendo.

Wosatha kusambira angathe kuona nsomba, bola avale jekete. Jekete limakugoneka pamwamba pa madzi, ntchito yako n'kungoika nkhope pansi. Magalasi muwayese muli kumtunda: muwaike pankhope osamanga lamba, mukoke mpweya ndi mphuno. Akamatirira ndiye kuti akukwanani, akagwa funsani ena. Tsitsi lisalowe m'mphepete mwake, ndipo ngati bambo ali ndi ndevu za pamlomo wa pamwamba, madzi azilowa pang'ono, asadabwe. Musanawavale mulavuliremo pang'ono, mupake ndi chala, mutsukuluze, kuti asachite nthunzi. Kapaipi kopumira mumakaluma ndi mano, milomo n'kutseka, n'kumapuma ndi pakamwa pokha, modekha. Madzi akalowa mu kapaipi mumawauzira kunja mwamphamvu kamodzi, kapena kungodzutsa mutu n'kulavula. Chomwe chimasokoneza anthu ndi mantha a mphindi zoyamba, mphuno ikapezeka kuti yatsekeredwa. Ndiye ine sindilola mlendo kudumpha kuchokera m'boti ulendo woyamba. Timayamba pa kagombe, madzi a m'chiuno, munthu atagwada, mpaka mpweya wake utakhazikika. Pa Thumbi samalani chinthu chimodzi: miyala ndi yoterera, ndipo kuya kumayamba mwadzidzidzi. Pano mwaima, mukasuntha pang'ono phazi silipezanso pansi. Bambo asadzidalire kuti amatha kusambira n'kuyang'anira ana atatu okha. Mwana mmodzi, wamkulu mmodzi, mosinthana.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda bango ndi matope, kumathiriro a mitsinje, cha kwanu ku Shire ndi ku Malombe. Pamiyala ya zilumba kumene timasambitsa alendo si malo ake, komabe musasambe pamene woyendetsa sanakuuzeni, ndipo kukada musalowe m'madzi kulikonse. Chomwe mungakumane nacho pamwala ndi ng'azi ikuwothera dzuwa, imathawa yokha.

Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Mamita 100 kuchokera pagombe la chilumba saloledwa kuwedza kapena kuponya ukonde, n'chifukwa chake mbuna za pamenepo siziopa munthu, zimafika mpaka pagalasi. Zilipo mitundu mazanamazana m'nyanja muno, ndipo ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Muwauze ana ayang'anitsitse nsomba yotupa kukhosi yomwe sikudya: imeneyo ndi yaikazi, yasunga mazira kapena tiana m'kamwa. Pali ndalama yolowera m'paki, ya Amalawi ndi yotsika poyerekeza ndi ya alendo akunja, choncho nyamulani ziphaso za unzika ndipo mulandire lisiti. Mufunse ngati mtengo wa boti waphatikiza ya pakiyo, magalasi ndi chakudya, kuti musakakangane pobwerera. Mtengo wa boti umatsata mtengo wa petulo, ndiye mufunse sabata yomweyo. Ndalama tapani pa boma musananyamuke. Ambiri timalandira Airtel Money ndi Mpamba, koma netiweki siidalirika tsiku la chikhamu.

Mugulenso pagombe tinsomba tingapo tokaponyera nkhwazi. Pobwerera timaima pafupi ndi mitengo ya pachilumba, kuimba likhweru, n'kuponya nsomba yolowetsedwa kabango kuti iyandame. Nkhwazi imatsika n'kuitola ndi zikhadabo pafupi ndi boti. Agogo adzakasimba zimenezo ku Ntcheu.

Namwino_MonkeyBay

Achemwali, a WaBoti anena zoona zokhazokha pa za majekete. Ine ndiyankhe za likodzo, poti bambo akunyumbawo sakunama, koma si chifukwa cholepherera ulendo.

Likodzo limabwera ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timakulira mu nkhono za m'madzi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilomboto timalowa mu nkhono, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la amene akusamba, kuchapa kapena kungoima m'madzimo. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Malo oopsa kwambiri ndi madzi osaya a pafupi ndi midzi, pomwe anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndi pomwe pali bango ndi udzu. Gombe la mudzi wa Chembe ndi lodziwika ndi vuto limeneli kuyambira kale. Pamiyala ya zilumba, pomwe madzi ndi akuya ndipo mafunde amamenya, chiopsezo n'chochepa, koma sindinganene kuti palibiretu. Ndiye ana musawalole kusewera m'madzi a pagombe la mudzi podikira boti, akasambire kuchilumba. Potuluka adzipukute bwino ndi thaulo nthawi yomweyo.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amaperekedwa m'masukulu, inu aphunzitsi mukuwadziwa. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amachoka kunyanja lero, mawa wamwa. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, tating'ono timapulumuka. Mudikire masabata 6 mpaka 8, kenako mupite kuchipatala, akuyezeni kulemera, chifukwa mlingo wake umatsata makilogalamu a munthu. Musagawane mapiritsi mongoganizira, ndipo amwedwe munthu atadya, apo ayi amachititsa chizungulire ndi nseru. Wina akaona magazi mu mkodzo, makamaka kumapeto kokodza, kapena akatentha thupi masabata otsatirawo, asadikire, ndipo akanene kuchipatala kuti anasamba m'nyanja. Agogo adzakhala atabwerera ku Ntcheu nthawi imeneyo, choncho lembani tsiku pa kalendala kuti mudzawakumbutse.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri mu Okutobala si likodzo ayi, ndi dzuwa. Pamadzi kamphepo kamakunamiza kuti kukuzizira pomwe thupi likuuma. Nyamulani madzi akumwa ambiri, osachepera malita awiri pa munthu, ndipo ana muziwamwetsa asananene kuti ali ndi ludzu. Madzi a m'nyanja asamwe, ngakhale akuoneka oyera. Tisamanamizane kuti khungu lakuda silipsa. Munthu akagona chafufumimba pamadzi ola lathunthu, msana, khosi ndi kuseri kwa miyendo zimapsa ndithu, mawa lake kumasupuka. Asambe atavala malaya. Zipewa za khonde kwa onse, ndipo agogo akhale pamthunzi. Ngati m'banjamo muli wachialubino, mafuta oteteza ku dzuwa ndi malaya a manja aatali zisasowe, ndipo asakhalitse pamadzi.

Ngati agogo amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, amwe monga mwa masiku onse ndipo ena muwanyamule m'kabotolo kotseka bwino. Asakwere boti ndi njala, koma asadyenso zamafuta ambiri m'mawa. Phala kapena tiyi ndi buledi zakwana. Wina akayamba nseru m'boti, ayang'ane kutali kumapiri, asawerame kapena kuyang'ana foni. Kutafuna kachidutswa ka jinja kumathandiza ena. Muike m'chikwama mapulasitala, Panado ndi mapaketi a Thanzi ORS, chifukwa mabala a pamiyala sasowa. Ku Chembe kuli kiliniki ya Billy Riordan, ndipo chipatala chokulirapo chili kuno ku Monkey Bay, koma pa tsiku la tchuthi musadalire kuti chilichonse chipezeka msanga. Mowa usakwere m'boti, ngakhale kabotolo kamodzi ka bambo ndi alamu.

MayiAkeTadala

NaPhiri mnzanga, ine ndinapitako ndi apongozi anga chaka chatha, ndiye ndikuuzeni za ife amayi zomwe abambo saziganizira.

Choyamba, ngati mungathe, pa 15 penipenipo pasiyeni. A WaBoti akuti mulawirire, n'zoona, koma ine ndinaona chikhamu cha tsiku limenelo: zoimbira mbali zonse, achinyamata ataledzera, malo okhala munthu wamkulu osapezeka. Kholo silisangalala m'phokoso lotero. Patsikulo muwaphikire kunyumba, muwapatse kamphatso, ndipo kunyanja mupite Loweruka lotsatira. Boti mudzasankha modekha, ndipo woyendetsa sadzakuthamangitsani kuti akatenge gulu lina.

Zovala. Chitenje m'madzi akuya ayi. Chikanyowa chimalemera, chimakulunga miyendo, ndipo pokwera m'boti chimakola. Ine ndinavala taiti yofika m'mawondo ndi tisheti, chitenje ndinamanga pamwamba mpaka pofika pamadzi, potuluka n'kumanganso. Ulemu unasungika ndipo palibe amene anandiyang'ana kawiri. Apongozi anakana taiti poyamba, ndinachita kuwagulira ya kaunjika yokulirapo n'kuwauza avale mkati mwa diresi. Muyambe kukambirana nawo agogo panopa, osati pagombe pamaso pa mkamwini wawo. Ndipo kunena zoona, pa nkhani ya mkamwiniyo, muwauze bambo ndi alamu kuti nthawi yomwe agogo akulowa m'madzi iwo apite mbali ina ndi anyamata. Apongozi anga sakanalowa mwana wawo wamwamuna ali chiimire pomwepo, nanji mkamwini. Kuchilumba kulibe chipinda chosinthira kapena chimbudzi, mumabisana ndi zitenje kuseri kwa mwala, choncho nyamulani zitenje ziwiri zapadera ndipo aliyense apite kuchimbudzi pa loji musananyamuke. Kumapazi, nsapato zapulasitiki zomanga kumbuyo. Mapatapata amatengedwa ndi madzi, ndipo mchenga wa masana mu Okutobala umawotcha ngati chiwaya. Ngati mwangoluka kumene tsitsi la mesh, dziwani kuti lidzanyowa ndipo lamba wa magalasi sakhala bwino pa mfundo yaikulu. Mafoni, ziphaso ndi ndalama muike m'chidebe chapulasitiki chotseka, chija timaikamo chakudya, chifukwa madzi amathovukira m'boti ngakhale kuli bata.

Chakudya, oyendetsa amakonza okha mukagwirizana: mpunga kapena nsima, kampango kapena chambo chowotcha, ndi tomato. Chimakoma, koma chimachedwa, ndipo mwana wa zaka 6 sadikira. Tengani nthochi, mandasi, mtedza ndi mazira owiritsa. Nsombayo muione ndi maso anu isanawotchedwe. Zinyalala zonse mubwerere nazo, ndinamva chisoni kuona mabotolo ndi majumbo atatsakamira m'miyala pamalo okongola chonchija.

Tengani buledi wa nsomba. Ife tinanyenya m'madzi ndipo zinabwera zambirimbiri mpaka kutijompha zala, apongozi anaseka mpaka misozi.

Mukatsika boti nthawi ikadalipo, ndipo ngati agogo ali a CCAP, apititseni ku manda a amishoni cha ku Otter Point. Pamenepo ndi pomwe mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, a Dr Robert Laws ali m'gululo, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo omwe anapha anzawo. Apongozi anga ndi a Mvano, anaima pamandapo nthawi yaitali kuposa yomwe anakhala m'madzi, ndipo anapemphera. Pamsewu wotuluka muimenso pa Mwala wa Mphini ana akaone, uli pafupi ndi msewu.

NaPhiri_Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Za jekete la mwana ndi za mkamwini sindikanaziganiza. Takambirana ndi bambo, tasuntha ulendo kufika Loweruka lotsatira monga mwanenera a MayiAkeTadala, ndipo amayi ndawaimbira, akuti taitiyo aiona kaye.

A WaBoti, ndifunsenso ziwiri. Ndikuwadziwa amayi anga, akhoza kufika pachilumba n'kukana kugona pamadzi ngakhale atavala jekete. Pali njira yoti aone nsombazo osayandama? Wamng'onoyunso sindikuganiza kuti kapaipi akakwanitsa. Chachiwiri, tikafika n'kupeza mphepo yadzuka, tingobwerera ku Mangochi osaona kanthu?

WaBoti_Chembe

Madamu, agogo asakakamizidwe, ndipo safunika kuyandama. Mbuna zimakhala pamiyala kuyambira pamadzi ofika m'mawondo. Timawapezera mwala wosalala pamalo osaya, akhale pansi madzi ali m'chiuno, jekete ali chivalire, inu mutawagwira phewa. Avale magalasi okha opanda kapaipi, akoke mpweya, aviike nkhope pang'ono, adzuke. Akachita kawiri katatu mantha amatha, ndipo ambiri amapempha okha kapaipi. Akakana ngakhale kuviika nkhope, agwire magalasiwo ndi manja, galasi likhudze pamwamba pa madzi, ayang'anemo. Zimaoneka bwinobwino. Wa zaka 6 chimodzimodzi, magalasi aang'ono opanda kapaipi, ali m'manja mwa munthu wamkulu. Magalasi a ana nawonso muwatchule poimba foni ija.

Pa za buledi ndisiyana nawo pang'ono amayi ake a Tadala. Ndikudziwa kuti ambiri timachita, ndipo alendo amakondwa. Koma chakudya cha mbuna zambiri ndi ndere za pamiyala, zimachita kupala ndi timano tawo, ndipo buledi wa maboti onse a tsiku lonse si wabwino m'mimba mwake, amadetsanso madzi. Njira yomwe ndimaonetsa alendo anga ndi iyi: tolani kamwala m'madzimo, mupale nako pamwala waukulu pomwe pali ndere. Tindere timabalalika, nsomba zimathamangira pomwepo, ndipo mumaziona zikudya monga zimadyera masiku onse. Ana amaikonda kuposa ya buledi chifukwa amaitana nsomba okha. Kamwalako mukabwezere pomwe munakatola.

Mphepo ikadzuka simubwerera chimanjamanja. Otter Point imafikika ndi galimoto mpaka pa geti la paki, kenako kuyenda pansi pang'ono. Pamenepo palinso miyala ndi mbuna zomwezo, ndipo magalasi ndi majekete mutha kubwereka popanda boti. Mafunde akakhala akumenya pamiyalapo musalowe, muyambe ndi manda a amishoni ndi kanyumba ka zakale ka paki komwe kali chapafupi, mudye, muone ngati nyanja igone. Chifukwa cha zimenezi, pomvana ndi woyendetsa musapereke ndalama yonse patsogolo. Perekani ya mafuta mukaona boti ndi majekete, yotsalayo mukatsika, ndipo munene poyambirira kuti mphepo ikaletsa ulendo ndalama ya mafuta ibwerera. Woyendetsa wolongosoka savuta pa zimenezi.

Madzi a nyanja anakwera kwambiri mu 2024 mpaka kumiza magombe ena, choncho timagombe ta pachilumba timasintha chaka ndi chaka. Poimba foni mufunse ngati pali malo a mchenga oti munthu wamkulu atsikirepo bwino, osati podumphira pamwala. Mumuuze woyendetsayo zaka za agogo ndi za mwana wamng'ono, ndiponso kuti odziwa kusambira ndi mmodzi yekha, kuti abwere ndi mnzake wolowa m'madzi ndi chingwe chogwirira.